Agogo akamaimba za thangata pamtondo

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Akuti agogo awo a ku Mayaka akamasinja amaimba nyimbo yachilomwe yodandaula za thangata ndi chikoti cha kapitawo, ndipo zidzukulu zimangowaseka. Akufunsa kuti: tikakamiriranji nyimbo zotokosa zilonda, pomwe amene anazunzikawo anagona kalekale?

Mayi, agogowo musawaletse ayi.

Alomwe ambiri analowa m'dziko muno kuyambira cha m'ma 1890, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kuno anafikira m'minda ya azungu, ngati ya A.L. Bruce ku Magomero, komwe malo okhala ankalipira ndi thukuta. Nkhanza za kumeneko n'zimene zinakolezera moto wa John Chilembwe mu 1915. Akalaliki a esiteti ankalemba za thonje, fodya ndi masiku a ntchito. Za mayi amene mwamuna wake anabwera msana uli mikwingwirima, ndani akanalemba? Mayiyo anali ndi mtondo basi.

Taonani mmene zimakhalira. Amayi awiri, minsi iwiri, wina akatsitsa wina akweza. Mmodzi aponya mawu, mnzake avomera, ndipo mawuwo amagwera pomwe munsi wagunda, n'chifukwa chake saiwalika. Kapitawo ngakhale adutse pomwepo n'kumva dzina lake, mlandu palibe, pajatu kwathu kuno zoimba pamtondo sazitengera kubwalo. Mwana amene akuingitsa nkhuku pambalipo wamva zonse, mawa aimba yekha.

Asena a ku Zambezi anachita chimodzimodzi. Anaimba nyimbo yotukwana Paiva, mzungu wa kuminda ya nzimbe ku Mopeia, ndipo mwini dzina atamwalira nyimboyo sinafe. Dzinalo linangosamukira kwa kampani ndi mabwana otsatira.

Kumbuyo kwa thangata kuli ukapolo weniweni, ndipo sunachitikire kutali. Mu 1861 Livingstone anamasula akapolo 84 kwa Mbame, n'kupita nawo ku Magomero komweko pamodzi ndi Bishopu Mackenzie. Kawinga wa kuphiri la Chikala, mfumu yogulitsa akapolo, anagonja mu 1895. Kenaka kunabwera za machona, amuna opita ku Joni pa Wenela mpaka 1974, akazi kumudzi akuimba za munthu amene ngakhale kalata satumiza. Nayo Beni, imene enafe timaiona ngati nthabwala, ndi perete wa asilikali achitsamunda a KAR (King's African Rifles) amene chipilala chawo timachidutsa pa Cobbe Barracks.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'china. Tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, ndipo n'zonyaditsa. Koma pazikondwerero timangoona nthenga, zikopa ndi fumbi, mawu amamira m'ng'oma ndi zimkuzamawu. Za pamtondo ndiye zilibe n'chikondwerero chomwe, chigayo chinazilanda malo.

Ndiye mukapita ku Mayaka, nyamulani foni ya moto wokwanira. Musawakhazike agogo pampando kuti aimbe, adzachita manyazi n'kudula mawu owawawo. Athireni mphale mumtondo, inu mugwire munsi winawo. Akamaliza muwafunse: kapitawoyo anali ndani, esiteti yake iti, anawaphunzitsa ndani, nanga kwawo kwenikweni kutsidyako kunali kuti. Zidzukulu zosekazo zikhale pomwepo, chimodzi chigwire foniyo.