Anandipeza ndi chindoko ku sikelo: kodi mwana wanga apulumuka?

Mayi wina wa ku Area 23 ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti ali ndi pathupi pa miyezi isanu, ndipo atapita koyamba ku sikelo anawatenga magazi pachala, nawauza kuti ali ndi chindoko, kenaka anawabaya jakisoni pathako. Amuna awo akukana kupita kuchipatala ponena kuti iwo alibe chilonda paliponse. Mayiwa akufunsa ngati mwana ali pangozi.

Mayi, mwachita bwino kubayitsa. Kachilombo ka chindoko, kotchedwa Treponema pallidum, kamadutsa pa nsengwa ndi kulowa m'magazi a mwana pa mwezi uliwonse wa pathupi, ndipo kakasiyidwa osapatsidwa mankhwala mayi akhoza kupita padera, kubereka mwana wakufa, kapena kubereka masiku asanakwane. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti mu 2022 ana pafupifupi 700,000 anatengera matendawa kwa amayi awo padziko lonse. Mankhwala amene amafika kwa mwana ali m'mimba ndi jakisoni wa benzathine penicillin, ndipo amateteza bwino akaperekedwa kutatsala masiku osachepera 30 kuti mayi abereke, choncho inu nthawi ikadali nanu. Tsegulani kabuku kanu ka kuchipatala muone zimene analemba, pakuti ngati sizikudziwika kuti matendawa analowa liti, jakisoniyo amabayidwa katatu, kamodzi sabata iliyonse, ndipo kudumpha sabata kungachititse kuti muyambirenso.

Chondidetsa nkhawa kwenikweni ndi amuna anuwo. Chilonda cha chindoko chimatuluka patapita pafupifupi masabata atatu munthu atatenga matenda, sichipweteka, chimatha kubisala m'kati mosaoneka, ndipo chimapola chokha ngakhale kachilomboko katsalira m'magazi kwa zaka zambiri. Kusowa chilonda si umboni woti munthu ali bwino. Pa chifukwa chomwecho, sindikuona phindu loti mutsegule bwalo la milandu m'nyumba kufufuza kuti anabweretsa matendawa ndani, poti mwina analipo musanakwatirane n'komwe. Chimene chili chotsimikizika ndi chakuti munthu amene wachira chindoko akhoza kuchitenganso, kotero bambo akapanda kulandira mankhwala akhoza kukupatsiraninso, ndipo mwana adzabwerera pangozi yomweyo. Apempheni anamwino kakalata koitanira bambo kuchipatala, chifukwa abambo ambiri amamvera pepala la adokotala kuposa mawu a akazi awo. Ngati akuchita manyazi kukhala pabenchi pakati pa amayi oyembekezera pa chipatala cha Bwaila kapena cha Kawale, angathe kukaonedwa kumbali yolandirira odwala ena onse. Kufikira nonse mutamaliza mankhwala, dziletseni kapena gwiritsani ntchito kondomu. Mankhwala azitsamba komanso makapisozi ogula pagolosale sangalowe m'malo mwa jakisoniyu.

Tsiku lochira likadzafika, kachirireni kuchipatala, ndipo mukawauze anamwino kuti munapezeka ndi chindoko, ngakhale mwana atabadwa wonenepa ndi wolira bwino, pakuti ana ambiri otengera matendawa saonetsa chilichonse pobadwa. M'masabata otsatira, mukaona chimfine chosatha chotuluka mamina ambiri, khungu losupuka m'manja ndi kumapazi, maso achikasu, mimba yotupa, kapena mwana akulira mukamugwira mkono kapena mwendo, musadikire tsiku la sikelo ya ana. Pitani naye tsiku lomwelo pamodzi ndi kabuku kanu kaja.