Yankho: kumasulira mafunso kokha sikukwanira

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake madokotala a ku Turkey amayenera kuyesanso mafunso oyezera zimene munthu woikidwa mapapo ena akulephera kuchita pakhomo, pamene mafunsowo anamasuliridwa kale m'chinenero chawo.

Tengani chitsanzo cha LCADL, fomu ya mafunso oyezera mmene munthu amabanikira pogwira ntchito za tsiku ndi tsiku, imene inatuluka ku London mu 2000. Ili ndi mafunso 15 okhudza kudzisamalira, ntchito zapakhomo, kuyenda ndi kucheza, ndipo funso lililonse limapatsidwa malikisi kuyambira 0 mpaka 5, malikisi ambiri akutanthauza kuti vuto ndi lalikulu. Koma anaikonzera odwala COPD (matenda okhalitsa otsekereza njira za mpweya m'mapapo), amene vuto lawo lalikulu ndi kubanika. Woikidwa mapapo nthawi zambiri amapuma bwino, chomwe chimamuvuta ndi miyendo yofooka chifukwa chogona nthawi yaitali komanso mankhwala monga prednisolone. Mukamufunsa za kubanika kokha, ayankha kuti zonse zili bwino, chonsecho akulephera kukwera masitepe.

Pali kenanso kamene ine ndimakaona kofunika kwambiri. Malikisi a 0 amatanthauza kuti ntchitoyo munthu saigwira ndi kale. Bambo amene sanakolopepo m'nyumba kapena kuyala bedi apeza malikisi ochepa, n'kumaoneka ngati wachira kuposa mayi amene akuyesetsa kusesa uku akupumira m'mwamba.

N'chifukwa chake ofufuza amafunsa odwala omwewo kawiri, patadutsa masiku angapo, kuti aone ngati mayankho akufanana. Amaonanso ngati Cronbach's alpha, nambala yoonetsa ngati mafunsowo akuyeza chinthu chimodzi, yafika pa 0.70, kenako n'kuyerekeza malikisiwo ndi mtunda umene wodwala wayenda m'mphindi 6.