Za parishi ya Mua, yambirani ku Chamare

Achimwene, poti mukufuna kukaona parishi ya Mua ndi kufufuza za ubatizo wa agogo anu, yambirani ku nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, kenaka mulowe m'tchalitchi. Parishi ya Mua, yomwe ili m'dayosizi ya Dedza kufupi ndi Mtakataka, anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a KuNgoni anawatsegula Bambo Claude Boucher mu 1976. Ku Chamare, komwe kuli pa malo a KuNgoniwo, mupeza zithunzi za masiku oyamba a mishoni, zigoba za gule wamkulu, ndi miyambo ya Angoni ndi Ayao. Mukaona zimenezi kaye, zosemasema za m'tchalitchi zimamveka bwino. Pemphani wokuperekezani, panokha zambiri zikudutsani.

Koma za ubatizo wa agogo anuzo, kaonaneni ndi bambo mfumu. Mutenge dzina lawo lachikhristu, mudzi ndi mayina a makolo awo, chifukwa mayina ofanana amachuluka m'mabuku a ubatizo.