Kodi ndisamutsire matebulo anga mu RAM kuti pulogalamu ifulumire?

FUNSO: Akonzi, ine ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo ndinapangira sitolo ina yopikulitsa katundu pulogalamu yosunga mbiri ya malonda pogwiritsa ntchito MySQL, pulogalamu ya database yomwe imasunga zinthu m'matebulo a mizere ndi magawo. Chaka choyamba zonse zinkayenda bwino, koma tsopano tebulo la malonda lili ndi mizere yoposa 400,000, ndipo lipoti la pakutha pa mwezi likuchedwa kwambiri moti eni sitolo ayamba kundiimbira foni modandaula. Mnzanga wandiuza kuti matebulo onse ndiwasinthe akhale a mtundu wa MEMORY, omwe amakhala mu RAM (malo omwe kompyuta imasungamo kwa kanthawi zomwe ikugwiritsa ntchito), chifukwa RAM imathamanga kuposa disiki. Kodi akunena zoona, nanga pali choopsa chilichonse?
Wowerenga wa ku Limbe

YANKHO: Zikomo achimwene chifukwa cha funso lanu. Pa nkhani ya liwiro mnzanuyo sakunama: kutenga kanthu mu RAM kumadya nthawi ya pafupifupi ma nanosecond 100 (sekondi imodzi ili ndi ma nanosecond 1 biliyoni), pomwe pa SSD, disiki yamakono yosazungulira, nthawiyo imawirikiza pafupifupi ka 1,000, ndipo pa disiki yachikale yozungulira ija kuchedwa kwake kumaposa pamenepo kutalitali. Komabe langizo lake musalitsate pa tebulo la malonda, chifukwa mudzataya zambiri kuposa zomwe mudzapindule.

Chifukwa chachikulu ndi chakuti RAM imasunga zinthu pokhapokha magetsi alipo. MySQL ikazima n'kuyakanso, kaya ndi chifukwa cha kuthima kwa magetsi, kaya pulogalamu yagwa yokha, kaya inu nomwe mwayatsanso seva (kompyuta yomwe MySQL ili) mutakonza zina, mizere yonse ya mu tebulo la MEMORY imafufutika. Choipa kwambiri n'chakuti tebulolo limatsala lili chilili, dzina lake ndi magawo ake onse zilipo, kungoti m'kati mulibe kanthu, choncho pulogalamu yanu siidzaonetsa vuto lililonse. Idzangotulutsa lipoti loti mwezi wonse sitolo sinagulitse ngakhale sopo mmodzi. Kwathu kuno, komwe magetsi amatha kuthima nthawi ina iliyonse, nkhaniyi si yoyerekezera ayi. UPS, batire losungira kompyuta magetsi, ikhoza kukutetezani kwa mphindi zingapo, koma siingabweze zomwe zatayika pamene MySQL yeniyeniyo yayambiranso.

Ngakhale magetsi atakhala osathima, malonda anu sangakwanemo. Kukula kwa tebulo la MEMORY kumayang'aniridwa ndi max_heap_table_size, yomwe ikapanda kusinthidwa imakhala pa 16MB basi. Malowa amatha msanga kuposa momwe ambiri amaganizira, pakuti tebulo la mtundu umenewu limapatsa mzere uliwonse malo ofanana: ngati dzina la katundu munaliika mu VARCHAR(255) ya utf8mb4 (gawo la mawu osapitirira zilembo 255, chilembo chilichonse chosungiridwa ma byte 4), mzere uliwonse udzadya ma byte 1,020 pa gawo limodzi lokhalo, ngakhale mawu olembedwamo atakhala "shuga" chabe. Mukawerengera muona kuti tebulo lidzadzadza musanafike n'komwe pa mizere 17,000, ndipo MySQL idzakana ina yonse ndi Error 1114. Malire amenewa mukhoza kuwakweza, koma RAM yomwe mwapereka kumeneko mwailanda kwa ntchito zina za seva, ndipo ikaperewera kompyuta imayamba kukankhira zinthu ku disiki komwe munkathawa kuja. Dziwaninso kuti magawo a TEXT ndi BLOB, osungira mawu aatali ndi mafayilo, saloledwa m'matebulowa, komanso kufufuta mizere ina sikubweza RAM ku kompyuta. Malowo amangodikira mizere yatsopano ya tebulo lomwelo.

Tsopano ganizirani za ogulitsa omwe ali pa kauntala. Tebulo la MEMORY likamagwiritsidwa ntchito limatsekedwa lonse lathunthu, osati mzere umodzi wokha monga zimakhalira mu InnoDB, mtundu wina wa matebulo a MySQL. Kutanthauza kuti pamene lipoti lanu likuwerenga, wogulitsa aliyense wofuna kulemba lisiti ayenera kudikira kuti limalize, ndipo wina akamalemba anzake onse amaima. Kulibenso ma transaction, omwe amamanga zolembedwa zingapo pamodzi kuti zitheke zonse kapena zilephere zonse. Malonda amodzi amafuna kuti katundu achotsedwe m'kaundula wa zomwe zatsala komanso ndalama ilembedwe, ndipo ngati chimodzi chatheka china n'kulephera, palibe ROLLBACK yobwezera zinthu m'malo mwake, kotero mabuku adzasiyana ndi zomwe zili m'mashelefu popanda wodziwa pomwe zinasokonekera. Palinso kanthu kena komwe ambiri sakadziwa: index (mndandanda wothandiza kupeza mizere msanga) ya tebulo la MEMORY imakhala ya mtundu wa hash mukapanda kulamula kuti ikhale BTREE, ndipo hash imathandiza pofufuza chinthu chimodzi chenicheni, monga nambala ya lisiti, osati malonda a kuyambira pa 1 mpaka pa 30, omwe ndi ofunika pa lipoti lanu.

Ine ndikukayika ngati disiki ndiyo gwero la vuto lanu. InnoDB, yomwe yakhala mtundu wachizolowezi wa matebulo kuyambira pa MySQL 5.5 ya mu 2010, imasunga kale mu RAM zomwe zikuwerengedwa kawirikawiri, m'malo otchedwa buffer pool, pomwe chilichonse cholembedwa imachisungitsanso pa disiki kuti chisatayike. Choncho liwiro lomwe mnzanu akulonjeza muli nalo kale, kungoti malo amenewa MySQL imabwera nawo ali pa 128MB yokha, ndipo ambiri sawakhudza ngakhale seva ili ndi RAM ya 8GB. Kwezani innodb_buffer_pool_size mpaka matebulo anu ndi ma index ake akwanemo. Pa seva yomwe ntchito yake ndi database yokha anthu amafika mpaka pa 70 kapena 80 peresenti ya RAM, koma ngati kompyuta yomweyo ikugwiranso ntchito zina za mu ofesi, siyani malo okwanira. Kuyambira pa MySQL 5.7 mukhoza kusintha nambalayi seva ili chiyakire.

Mukatero, ikani mawu akuti EXPLAIN kutsogolo kwa funso la ku database (lamulo lopempha mizere) lomwe limapanga lipoti, kuti muone momwe MySQL ikufufuzira mizereyo. Mukaona ALL pa gawo la type, ndiye kuti MySQL ikuwerenga mizere yonse 400,000 umodziumodzi, ndipo mankhwala ake ndi index pa gawo la tsiku. Yang'ananinso momwe funsolo munalilembera, chifukwa kulemba MONTH(tsiku) = 6 mu WHERE, gawo la funso losankha mizere, kumalepheretsa MySQL kugwiritsa ntchito index wamba ngakhale ilipo, pomwe kutchula tsiku loyambira ndi tsiku lothera kumailola kulumphira pa mizere yofunika yokha. Mizere 400,000 si yambiri kwa MySQL, ndipo lipoti lochedwa pa tebulo laling'ono chotere nthawi zambiri limachira ndi index imodzi yoikidwa bwino. Ngati likuchedwabe, pangani tebulo lina la InnoDB losunga chiwerengero cha malonda a tsiku lililonse, kuti lipoti la mwezi lizingophatikiza mizere yochepa.

Matebulo a MEMORY ali nayo ntchito yake, koma ndi ya zinthu zomwe zitatayika lero mukhoza kuzipanganso osalira, monga kope la mitengo lotengedwa ku tebulo lenileni kapena masamu apakati omwe lipoti limafuna kwa kanthawi. Pa zoterezi, init_file imakulolani kutchula fayilo ya malamulo odzazanso tebulo nthawi iliyonse MySQL ikayaka. Pali ma database ena omwe amagwira ntchito mu RAM koma n'kumasungabe pa disiki. SQL Server 2014 inabweretsa In-Memory OLTP, momwe mumasankha nokha pakati pa SCHEMA_ONLY (kusunga tebulo lokha popanda mizere) ndi SCHEMA_AND_DATA (kusunga tebulo ndi mizere yake), ndipo Redis, yomwe Salvatore Sanfilippo anayamba mu 2009, ikhoza kulemba zosintha zake m'fayilo ya pa disiki yotchedwa AOF sekondi iliyonse. Koma kusamutsa pulogalamu ya sitolo imodzi kupita kumeneko ndi ntchito yaikulu yomwe vuto lanu silikufuna.

Ngati mnzanuyo akutsutsabe, mukhale naye pa kompyuta yoyesera, osati ya ku sitolo: pangani tebulo ndi ENGINE=MEMORY, lowetsanimo mizere 10, zimitsani MySQL n'kuiyatsanso, kenako mumupemphe kuti alembe yekha SELECT COUNT(*), lamulo lowerenga kuchuluka kwa mizere, pa tebulolo.