Asaitsegule ampuyo musanayeze earth ndi ma ohm

Eish achimwene, ndangoona zomwe mwalemba zoti pa ampu ya m'galimoto mwanu kagetsi kofiira ka protect, kosonyeza kuti yazima podziteteza, kakuyaka bass ikangomenya, mtima wanga wachita kuti myuu, ndi mmene zinandiyambira ine pa Sienta yanga chaka chatha ndipo chala changa chachikulu chili ndi chipsera mpaka lero chifukwa cha nkhani yomweyi.

Ampu yanga inali ya 2 channel, ma sub, masipika a bass aja, awiri a 12 inch m'bokosi kubuti. Imaimba bwinobwino mwina mphindi 20 kenako zii, ukazimitsa wailesi nkudikira pang'ono imadzukanso. Ndinabwerera nayo kwa mnyamata yemwe anaimanga, dzina sinditchula koma ngati ali mugulu muno akudzidziwa. Mita yoyezera magetsi sanaigwire nkomwe, anangoinunkhiza ampuyo nkuigogoda ndi chala ngati akusankha chivwende, basi bwana IC yapita siyani mubwere mawa ndi K45,000. Ndinapereka. Patangotha masiku atatu kagetsi kaja ndi ako, ndiye panabweranso china chatsopano, fyuzi ya pafupi ndi batire ija inayamba kupsa, kawiri sabata imodzi. Nditapitanso akuti ma fyuzi amasiku ano ndi a feki bwana, anatenga timawaya nkupotokola nkulowetsa mmalo mwa fyuzi, ine ndili chiimire pompo ndikuonerera, mpaka ndinamuthokoza nkumupatsa ya Fanta. Ndikakumbuka pamenepo ndimadzida ndekha.

Loweruka lake tinali ndi chinkhoswe cha mlamu wanga ku Ntcheu. M'galimoto muli madam kutsogolo, apongozi aakazi kumbuyo ndi ana awiri, kubuti thumba la mpunga, makireti ndi zitenje za yunifolomu zonse zitapanikizana ndi bokosi la ma sub lija. Nyimbo sizinali zokweza ayi, inali kwaya yapansipansi poti muli apongozi. Tadutsa Dedza tikuyandikira Lizulu ndinagunda dzenje, osati lalikulu nkomwe, kenako kafungo ka pulasitiki. Ine ndimvekere ndi anthu akuotcha zinyalala panja apo. Mwana wamng'ono ndi amene anati adadi utsi, kuyang'ana kumapazi a madam utsi woyera uli tolotolo ukutuluka pansi pa kapeti, madam kukweza miyendo pampando akukuwa. Ndinaima, kuzimitsa injini, kuzula kiyi, koma utsi ukungowonjezeka, ndipo apa ndi pamene mutu unaima chifukwa ine ndimadziwa kuti ukazula kiyi zonse zatha. Ayi ndithu, waya wa ampu umachokera pa batire mwachindunji, kiyi alibe nawo ntchito. Ndinatsegula boneti, waya wofiira uja ukuchita kuwira, chikopa chake chikudontha ngati kandulo, sipanala 10 yomasulira teminolo ili kubuti pansi pa mpunga ndi makireti. Ndiye mwa mantha ndinaugwira ndi dzanja kuti ndiuzule, pulasitiki yosungunuka kundimata pachala, wayawo osatheka. Anandipulumutsa ndi wa kabaza wa njinga yamoto amene anaima ndi pulayala nkuudula pafupi ndi batire, mwina pakanapita mphindi ziwiri zina bwenzi tikunena za phulusa. Apongozi nthawi yonseyi anali atakhala pamwala m'mbali mwa msewu chitenje chili pamphuno osayankhula, amayi ogulitsa tomato atatizungulira, kenako anangofunsa mofatsa kuti bambo, kodi popanda nyimbozi galimotoyi siyenda? Bola akanandikalipira.

Titabwerera ku Lilongwe ndinapita kwa madala ena okonza ma TV ndi mawailesi, alibe ngakhale chikwangwani. Anandionetsa chilichonse ndi maso angawa. Mnyamata uja anaboola chitsulo cholekanitsa injini ndi mkati mwa galimoto nkudutsitsa waya popanda kalabala, ndiye wayawo umakhuzika pachitsulo pang'onopang'ono mpaka kusupuka, kutanthauza kuti fyuzi ija sinali ya feki, imapsa chifukwa imagwira ntchito yake, iye nkuichotsa. Wayawonso madala ataupala ndi mpeni mkati munali moyera, aluminiyamu wongopaka kopa pamwamba uja amati CCA, pomwe ine ndinalipira wa kopa weniweni. Earth, waya wa negative wochoka pa ampu kupita pachitsulo cha galimoto, anaimanga pa bawuti ya mpando pamwamba pa penti, kawaya kowonda kotalika kuposa mita imodzi. Ma sub onse awiri ndi a 4 ohm, iye anawalumikiza parallel nkukhala 2 ohm, kenako nkuchita bridge, kuphatikiza ma channel awiri aja kukhala imodzi, pa ampu yomwe pathupi pake analemba poyera kuti ikakhala bridged isatsike 4 ohm. Ndiye imatentha nkudziteteza yokha, basi vuto lonse linali limenelo. Chondiwawa kwambiri, kasitika kaja kamakhala pamwamba pa sikuluu kanali kosang'ambika, fumbi lili momwemo. Ampu sanaitsegulepo munthu uja, K45,000 inapita pa IC ya m'maloto. Nditamuimbira akuti zimachitika bwana, ma Sienta amavuta wiring, madzulo ake ndinapeza wandibloka pa WhatsApp. Ndimamuona mpaka pano akumangira anthu ena ma system, nthawi zina ndimafuna kuima ndiwauze koma madam amati zisiyeni.

Ndiye inu musapite nayo kwa aliyense kaye, bwerekani multimeter muyeze nokha, sizovuta. Ikani pa DC volts, yezani pa ampu penipeni pakati pa +12V ndi GND, osati pa batire. Injini itazima muone cha m'ma 12.6, ikulira pakati pa 13.8 ndi 14.4, kenako kwezani nyimbo diso lili pa mita, ikamagwa mpaka 11 kapena kutsika apo bass ikamenya ndiye kuti magetsi sakufika okwanira, ndi waya wowonda, earth yofooka kapena batire yatopa. Kawaya ka buluu ka remote kaja, koyatsa ampu, kazionetsa 12V wailesi ikayaka. Earth ikhale yaifupi, isapitirire theka la mita, yonenepa mofanana ndi waya wa power, ndipo palani penti mpaka chitsulo chiwale. Mukatero zulani mawaya onse a masipika ndi ma RCA, mawaya obweretsa nyimbo kuchokera ku wailesi, nkuyatsa. Kakayaka kobiriwira ampu ili bwino, vuto lili ku masipika, ikani mita pa ma ohm muyeze sub iliyonse payokha, ya 4 ohm imawerenga pafupifupi 3 ndi theka, ikaonetsa pafupi ndi 0 yashota, komanso mukakankha cone, pankhope pa sipika paja, pang'ono ndi zala nkumamveka kukhwekhwereza ndiye kuti coil yapsa. Kakakhalabe kofiira zonse mutazula, magetsi ali bwino, apo ndiye vuto lili mkati, kawirikawiri ma transistor a output kapena ma MOSFET a power supply ngati IRFZ44N, ndipo amasintha onse a mzere umenewo limodzi ndi ma gate resistor ake, akakusinthirani limodzi lokha lipsanso. Gain ya pa ampu ija si volume, musaipotokole mpaka kumapeto. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45, ikapsa kawiri funani chikuipsereza, ndipo musanagwire waya aliyense chotsani kaye teminolo ya negative. Sipanala 10 izikhala kutsogolo, yanga ili m'kabokosi ka pa dashboard limodzi ndi pulayala.

Komabe ngati simunagwirepo mita musalimbane nazo mungaotche galimoto, pitani nayo kwa mmisiri, bola mukhale pompo osachoka ndipo zomwe wachotsa akupatseni m'manja. Muli ku Lilongwe ndipezeni ku inbox ndikulozereni kwa madala aja, ngakhale amachedwa, yanga inakhala masabata awiri. Iwo anandiuza kuti ndichotse sub imodzi kapena ndigule monoblock, ampu ya channel imodzi, yopirira 2 ohm, ndinachotsadi, koma imodzi siimveka achimwene, galimoto imakhala ngati ya maliro. Patatha mwezi ndinaibwezera ndekha, ndinangomata kafani ka kompyuta pambali pa ampu, ikatentha masana imazimabe ndimangodikira izizire. Apongozi akakwera ndimazula RCA tisananyamuke.