Akukusamutsirani ku Lilongwe: kodi lendi idya zonse zomwe akuwonjezeranizo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito pakampani ina ku Zomba. Abwana akufuna kuwasamutsira ku ofesi ya ku Lilongwe ndipo malipiro awonjezerako pang'ono. Funso lawo linali lalifupi: "Anthu akundiopseza kuti lendi ya ku Lilongwe ndi moto. Ndili ndi ana awiri. Ndivomere, kapena ndizikangogwirira ntchito alandilodi?"

Mayi, anthu akukuopsezaniwo sakunama. Nyumba ya zipinda zitatu, ya madzi ndi magetsi, yomwe mukukhala ku Matawale kapena ku Chinamwali, mukaifuna yofanana nayo ku Area 47 kapena Area 18 mudzagwira pakamwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe, pomwe Zomba inali ndi 105,000 okha. Blantyre inali ndi 800,000, Mzuzu 220,000. Chisamukire likulu la dziko kuchoka kwanu ku Zombako mu 1975, maunduna, akazembe ndi mabungwe akunja ambiri anaunjikana ku Lilongwe, ndipo ku Area 10 ndi Area 43 kuli nyumba zomwe eniake amatchula mtengo wake m'madola. Inu simukufuna kumeneko, ndikudziwa, koma mtengo wa kumeneko umakoka wa konsekonse. Amene alephera ku 43 amatsikira ku 47, wa ku 47 amathawira ku 49, wa ku 49 amakapanikiza anzake ku 25. Nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi ozifuna, choncho musawerengere zimenezo.

Koma m'kalata yanu simunandiuze chinthu chimodzi chomwe ine ndikadafunsa poyamba: ofesiyo ili mbali iti ya Lilongwe?

Ku Zomba munthu atha kudzuka, kusamba, n'kuyenda wapansi kapena kukwera kabaza kamodzi, wafika pantchito. Lilongwe anaimanga motambalala, madera ali patalipatali, pakati pali thengo ndi madambo. Mukapeza nyumba yotchipa ku Area 36 kapena Area 23 koma ntchito ili ku Capital Hill, ndiye kuti m'mawa mukwera minibasi mpaka kudepoti ku Old Town, mutsike, mukwere ina ya ku City Centre. Madzulo chimodzimodzi. Maulendo anayi patsiku, masiku 22 pamwezi, ndi maulendo 88. Chulukitsani ndi mtengo wa minibasi wa lero, muwonjeze za ana ngati sukulu ili kutali. Imeneyo ndi lendi yachiwiri, imene mumapereka kwa kondakitala, ndipo imakwera tsiku lomwelo mafuta akakwera kapena akasowa, popanda kalata yochenjeza. Ngati ofesi ili ku Kanengo, nkhani yasintha: Area 25 ili pafupi, ndipo nyumba yokwererako mtengo kumeneko ikhoza kukusiyirani ndalama zambiri m'thumba kuposa yotchipa ya kumwera kwa mzinda.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi thukuta. Nditangofika mu Lilongwe ndinapeza kanyumba kuseri kwa nyumba yaikulu, mumpanda umodzi ndi mabanja ena atatu. Mtengo unali wabwino moti ndinadziona wochenjera. Ajenti amene anandiperekeza anayamba watenga ya "kuonera", alandilodi anafuna miyezi itatu pamodzi, ndinachita kukongola. Mita ya magetsi inali imodzi. Mayunitsi akatha usiku, aliyense ankatuluka panja ndi tochi ya pafoni kuyang'ana mnzake ndi diso lofiira, ndipo mlandu unkagwera mayi wina amene tinkamuganizira kuti amaphikira nyemba pa hotipuleti. Mpopi unalinso umodzi, bilu timagawana mofanana, ine ndekha ndi banja la anthu asanu ndi awiri. Pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi nditawerengera zonse, ndinapeza kuti ndinkawononga ndalama zambiri kuposa mnzanga amene ankakhala nyumba yodula koma ya mita yakeyake, n'kumayenda wapansi popita kuntchito.

Mwina munamvapo zoti lendi isapitirire 30 peresenti ya malipiro. Muyeso umenewu unachokera ku America, komwe boma linauika mu 1981 pa nyumba zothandizira anthu osauka. Kuno ndi wongotithandiza kuganiza basi. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K90,000 pamwezi. 30 peresenti ya ndalamayo ndi K27,000. Ndalama imeneyo mu Lilongwe kapena Blantyre sikupezerani nyumba ya bafa ndi chimbudzi cha m'kati. N'chifukwa chake anthu ambiri ogwira ntchito m'tauni amakhala ku Mtandire, Chinsapo, Kauma, Ndirande ndi Mbayani, kumatunga madzi pa kiyosiki ndi kugawana chimbudzi chokumba. Ine ndimauza anthu kuti aphatikize lendi, mayendedwe, madzi ndi magetsi. Zinayizi zikafika theka la ndalama yomwe imalowa ku akaunti misonkho itachotsedwa, pa 20 paliponse mudzakhala muli kwa akatapila.

Komanso musaiyese Zomba yotchipa kwambiri monga kale. Ophunzira a ku University of Malawi amene sapeza malo m'mahositelo adzaza ku Chikanda ndi madera oyandikira, ndipo mwininyumba anazindikira kuti kulipiritsa pabedi kumabweretsa zambiri kuposa kubwereketsa nyumba yonse kwa banja limodzi. Zomwezi zikuchitika ku Luwinga ku Mzuzu, pafupi ndi Mzuzu University (Mzuni), ngakhale kuti Mzuzu yonse ikadali yopepukirako kuposa mizinda iwiri ikuluikulu. Ku Blantyre mtengo umatsata phiri: Namiwawa ndi Nyambadwe n'kwa a ndalama, pomwe nyumba zotchipa zambiri zili m'malo otsetsereka, ndipo tonse tikukumbukira zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'phiri la Soche mu Malichi 2023. Kutchipa kwina kumakhala ndi chifukwa chake.

Chinanso, kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi penti zinakwera, alandilodi nawo anakweza m'mizinda yonse. Kusiyana n'kwakuti ku Zomba mwakhalitsa, alandilodi anu amakudziwani, mukachedwa sabata imodzi amamvetsa. Ku Lilongwe mukafika ngati mlendo, ndipo mlendo amauzidwa mtengo watsopano.

Tsono maganizo anga ndi awa. Ngati zomwe akuwonjezeranizo zikungokwanira kusiyana kwa lendi yokha, musavomere msanga, bwererani kwa abwana. Pemphani kuti kampani ilipire galimoto yonyamula katundu, ikupatseninso ya miyezi itatu yoyambayo n'kumakudulani pang'onopang'ono. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa ajenti wa pa Facebook musanalowe m'nyumbamo ndi mapazi anu ndi kuonana ndi mwiniwake. Mukapita kukaona, tsegulani mpopi, funsani aneba kuti madzi amabwera masiku angati pasabata, yang'anani ngati mita ndi yanuyanu. Ndipo ngati mungathe, kagoneni kwa wachibale m'dera lomwe mukulifunalo Lamlungu usiku, Lolemba m'mawa mukaime pa siteji cha m'ma 6 koloko, muone nokha kuti mufika nthawi yanji kuofesi ndipo mutsala ndi zingati.

Mundilemberenso mundiuze komwe ofesiyo ili ndi makalasi a anawo, ndikutchulireni madera awiri kapena atatu oti muyambireko kufunsa.