Vuto si pepala achimwene, chipolopolocho chakula

Achimwene mwafunsa kuti mwagula mfuti yothira pakamwa ya Gibbs yopangidwa ndi kampani ya Pedersoli, ya bowo la .451 inchi, yowomberera ku kalabu kwanu ku UK konko, mwasungunula mtovu mwaumba zipolopolo, mwakulunga pepala kawiri, koma poika pakamwa pa mfuti pepala likung'ambika ndipo mukuchita kumenya ndodo ndi chikhatho kuti chitsike, pa target napo zikungomwazika. Ndawerenga ma comment onse, ambiri akuti sinthani pepala. Pepala lili ndi mbali yake inde, koma yankho mwalilemba nokha pamene mwati chikombole chanu chimatulutsa chipolopolo cha .451 musanakulunge nkomwe. Vuto lagona pamenepo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mukazunguliza pepala kamodzi limakhala mbali zonse ziwiri za chipolopolo, ndiye kuzunguliza kawiri ndiye kuti mwawonjezera kukhuthala kwa pepalalo kanayi. Pepala lopyapyala lija la onion skin limakhala cha m'ma 0.002 inchi, kanayi ndi 0.008, kuphatikiza pa .451 yanu ija mwafika .459 ndipo mukufuna ilowe m'bowo la .451, singalowe mwamtendere olo mutasintha pepala kakhumi. Chikombole muli nachocho mwina ndi cha zipolopolo zopanda pepala zija zokhala ndi mizere yopakamo mafuta. Cha pepala chimakhala chosalala m'mbali ndipo chimatuluka cha m'ma .442 kapena .443, kuti mukakulunga mufike .450 kapena pang'ono kuposa apo.

Anthu ambiri amasokonezeka chifukwa anazolowera mfuti zoika katiriji kumbuyo, kumene chipolopolo chimayenera kudzaza mpaka pansi pa ma groove, mizere yokumbika ya mkati mwa mpope wa mfuti, chisanawombedwe. Mfuti yothira pakamwa siitero. Chipolopolo chokulunga kale chimangoyenera kukhudza pamwamba pa ma lands, timitunda totsala pakati pa ma groove, basi, chitsike ndi kulemera kwa ndodo kapena kungokankha ndi zala ziwiri, muzimva kampweya kakutuluka. Ndiye mufunsa kuti chigwira bwanji mizere chikakhala chokhwepa chonchi? Ntchito imeneyo ndi ya wonga. Wonga wakuda ukaphulika umamenya kumbuyo kwa chipolopolo mwadzidzidzi kutsogolo kusanayambe kuyenda, mtovu umafupika nkufufuma m'mbali, nkukanikiza pepala lija kulowa m'ma groove. Pepala ndiye limakhala pakati, mtovu sukhudza chitsulo, nchifukwa chake mu mpope simutsala mtovu womatirira.

Apa mpamene pamabwera nkhani ya mtovu wake. Ukhale wofewa, mtovu weniweni kapena wothira tin pang'ono, ena amayamba ndi gawo limodzi la tin pa magawo 40 a mtovu, ena 30, mpaka 20 kwa amene amathira wonga wambiri pa mtunda wautali kuti mphuno ya chipolopolo isapindike. Koma timitovu tija tomata kumatayala a galimoto tisiyeni, timakhala ndi antimony touma kwambiri ndipo ta masiku ano tambiri ndi ta zinc kapena chitsulo, chipolopolo chake sichifufuma, mpweya wamoto umadutsa m'mbali nkuwotcha pepala.

Musakhulupirire nambala yolembedwa pa mpope yokha, yezani mfuti yanuyo. Mfuti ziwiri zolembedwa .451 zimatha kusiyana ndi 0.001 ndipo pa ntchito iyi kameneko nkambiri. Ku kalabu sipalephera munthu wokhala ndi ma pin gauge, timitsulo toyezera kukula kwa bowo, mubwereke, ndipo mugule micrometer yoyezera pepala ndi zipolopolo, vernier imanama pa zinthu zazing'ono chonchi.

Tsopano kakulungidwe. Pepala lisakhale la makona anayi oongoka, mbali zake ziwiri zodulazo zikhale zopendekeka mofanana kuti msoko uyende mozungulira chipolopolo. Kutalika kwake mumapeza pozunguliza kachidutswa kawiri mothina nkuika chizindikiro pamene nsonga yomaliza yakumana ndi yoyamba, kenako dulani mofupikirako pang'ono. Nsonga ziwirizi zikumane koma zisakwerane, zikakwerana ndiye kuti pamenepo pali mapepala atatu ndipo chipolopolo chikhala chopendama mu mpope. Kampata kakang'ono ngati tsitsi palibe vuto. Mukapeza saizi yabwino dulani kachitsulo kapena kapulasitiki kofanana nayo kuti mapepala onse azituluka chimodzimodzi. Pokulunga ikani pepala pa mphira kapena pa thabwa losalala, chipolopolo pa nsonga, nkugudubuza ndi zala mothinitsa ngati mukupichira chingambwe. Kutsogolo pepala lifike pamene chipolopolo chayamba kupindika kupita ku mphuno osapitirira, kumbuyo litsale pang'ono loti mupindire pansi. Ngati pansi pa chipolopolo pali kadzenje mutha kupota kamchira nkukabisa mmenemo, ngati ndi pafulati pindani kochepa chabe, mchira waukulu pansi pafulati umapangitsa chipolopolo kukhala mopendama pa wad, kachidutswa koikidwa pakati pa wonga ndi chipolopolo.

Za kunyowetsa pepala anthu amakangana mpaka lero. Lonyowa limatambasuka pokulunga ndipo likauma limathina bwino osavuka m'bokosi, ndiye mulidule lalifupi pang'ono ndithu ndipo mulisiye liume usiku wonse musanayeze. Louma limachoka msanga chipolopolo chikatuluka. Ine kwa munthu woyamba ndimati nyowetsani pang'ono ndi madzi okha, chifukwa louma limafuna zala zozolowera. Guluu ayi, selotepu ayi, olo kadontho. Pepala lonyezimira la m'magazini ayi, limakhala ndi dongo lokanda mpope. Funani la thonje kapena tracing paper yabwino. Mafutanso musamize, pepala lomwa mafuta limafewa nkumatirira pa mtovu.

Pepalali ntchito yake imathera pakamwa pa mfuti, likangotuluka liyenera kuphwasuka. Mukawombera ndipo a range officer, oyang'anira malo owomberera, akalola kupita kutsogolo, yang'anani pansi mamita ochepa kuchoka pomwe munagona. Mukapeza timizere ta pepala todukaduka motsata ma groove ndiye zili bwino. Mukapeza zakuda zopserera ndiye moto ukudutsa m'mbali, onani wad wanu kapena mtovu wauma. Mukapanda kupeza kanthu mwina pepala likupita nacho chipolopolo, ndipo chimenecho ndi chija chimakagwa kwina pa target.

Ena alemba kuti izi nzofanana ndi kutsindira sanza mu gogodera wakumudzi, ayi sizofanana, gogodera alibe mizere mkati ndipo sanza ija imangotseka. Izi zinapangidwira kulasa patali zedi. Joseph Whitworth wa ku Manchester ndi amene anatchukitsa .451 ndi mfuti yake ya bowo la makona asanu ndi limodzi ndi chipolopolo cholemera ma grain 530 (grain ndi muyezo wa kulemera kwa zipolopolo), ndipo mu 1860 Mfumukazi Victoria inatsegula mpikisano woyamba wa NRA, bungwe la owombera mfuti la ku Britain, ku Wimbledon powombera Whitworth pa mayadi 400. Kenako William Metford anabwera ndi mizere yosazama ndi chipolopolo cholimbirako chokulunga pepala, George Gibbs wa ku Bristol nkumapanga mfuti zake, yanuyo ikutengera kumeneko. Mu 1874 ku Creedmoor ku America timu ya Ireland ndi mfuti zothira pakamwa za Rigby inalimbana ndi Amereka okhala ndi mfuti za Sharps ndi Remington pa mayadi 800, 900 ndi 1000, inagonja ndi mapointi atatu okha, 934 kwa 931. Ndiye mfuti muli nayoyo ikhoza zambiri, musaitaye mtima.

Chinanso chimene chimang'amba pepala ndi mwaye. Pukutani mpope mukangowombera kulikonse, kansalu konyowa pang'ono kenako kouma, chimodzimodzi nthawi zonse, zimathandizanso kuzimitsa kamoto kotsalira musanathire wonga wina. Wonga muzithira kuchokera m'timabotolo toyezeratu osati m'chigubu chachikulu, musapyole muyezo umene Pedersoli analemba m'buku lake, wonga wamakono wa smokeless usayandikire mfuti imeneyi, ndipo chipolopolo chikhale pa wad pa wonga popanda mpata wa mpweya, ikani chizindikiro pa ndodo kuti muziona. Zipolopolo zolemera chonchi zimadya msanga nipple, kampope kamene hamala imamenyapo kodutsamo moto wopita ku wonga, mukaona hamala ikubwerera yokha m'mbuyo siyani kuwombera musinthe, ambiri amagula ya platinum mkati. Posungunula mtovu khalani pa mpweya, magalasi kumaso, madzi akhale kutali ndi poto, ndipo ana asamasewere pamenepo chonde.

Musanagule chikombole china pemphani mnzanu wa ku kalabu zipolopolo zingapo za .442 muyesere kaye pepala muli nalolo. Mukayeza bowo ndi pepala tilembereni manambala ake pano, ndi chithunzi cha zidutswa mwatola kutsogolo kwa mfuti.